Wakutsogolo musamusankhe ndi mtima wa usapota

Mwezi wa Ogasiti ukamayandikira, m'makomo ambiri mumakhala zii madzulo. Bambo maso ali pafoni, mwana wachisamba pafoni, ndipo masiku ano ngakhale mayi, amene kale ankati mpira ndi phokoso chabe, nawonso ali ndi timu yawo. Onsewa akusankha osewera a Fantasy Premier League, masewero a pa intaneti amene inuyo mumakhala kochi, n'kumalandira mapointi malinga ndi mmene anyamata amene mwasankhawo achitira m'bwalo lenileni ku England.

Masewerowa adayamba mu sizoni ya 2002/03 ndipo kulowa salipiritsa. Komatu ambiri amapikisana ndi anzawo akuntchito kapena alamu awo, ena mpaka kusonkherana ndalama zoti wopambana adzatenge mu Meyi. Ndiye ngati pabanja panu wina waikapo kangachepe, kapena mwana wabwera n'kufunsa kuti "Adadi, kutsogoloku nditenge ndani?", ndi bwino mukhale ndi yankho lomveka.

Mumapatsidwa £100 miliyoni, ndalama zongoyerekeza, kuti mugule osewera 15: apagolo awiri, otchinga kumbuyo asanu, apakati asanu ndi akutsogolo atatu. Kutimu imodzi simungatengeko oposa atatu. Wakutsogolo akamwetsa chigoli mumapeza mapointi 4, pomwe wapakati amakupatsani 5. Akapatsira mnzake mpira wachigoli ndi 3, akasewera mphindi 60 ndi 2. Akaphonya penate akuchotserani 2, khadi yofiira 3.

Mwaonatu, chigoli cha wakutsogolo n'chotsika mtengo kuyerekeza ndi cha wapakati. Komanso ena amene inu mumawaona akusewera kutsogolo pa TV, masewerowa amawalemba kuti ndi apakati. Mohamed Salah adapeza mapointi 344 mu 2024/25, atamwetsa zigoli 29 ndi kupatsira 18, koma adalembedwa ngati wapakati. Choncho amene wathera ndalama zonse pa akutsogolo atatu odula amafika pakati thumba litabooka, pamalo pomwe pali phindu lalikulu.

Funso limene limayambanitsa anthu chaka chilichonse ndi la wosewera wodula kwambiri. Titenge Erling Haaland. Atangofika ku Manchester City mu 2022 ankagulidwa £11.5 miliyoni, ndipo adamwetsa zigoli 36 mu ligi, zimene palibe adazifikapo m'sizoni imodzi ya Premier League. Amene adamukana chaka chimenecho adalira. Pofika 2024/25 mtengo wake udakwera kufika £15 miliyoni ndipo adamaliza ndi zigoli 22. Chaka chomwecho Chris Wood wa Nottingham Forest, yemwe adayamba pa £6 miliyoni basi, adamwetsa 20. Tawerengani nokha: £9 miliyoni yonse kusiyana kwake zigoli ziwiri.

Kodi ndiye kuti wodula ngwosafunika? Ayi ndithu. Sabata iliyonse mumasankha kaputeni, ndipo mapointi ake amawerengedwa kawiri. Haaland yemweyo adamwetsa zigoli 10 m'masewero asanu oyambirira a 2024/25, ndiye amene adamupatsa ukaputeni nthawi imeneyo adathawa anzawo. Langizo langa ndi lakuti wodula mugule mmodzi, ndipo mugule pokhapokha ngati mukudziwa kuti masabata ambiri kaputeni adzakhala iyeyo. Kugula wa mtengo wotere n'kumapereka ukaputeni kwa wina kuli ngati kugula sofa yapamwamba n'kumakhalabe pamkeka.

Chimene chimagwetsa abambo ambiri ndi usapota. Munthu ndi wa Liverpool kapena Arsenal kuyambira ali kusukulu, timu yake yagula mnyamata watsopano, basi wamuika kale asanamuone n'komwe akusewera ku England. Kumbukirani Darwin Nunez mu Ogasiti 2022. Adalowa kuchokera pabenchi n'kumwetsa chigoli pokumana ndi Fulham, anthu n'kumuthamangira. Masewero otsatira, ndi Crystal Palace, adagunda mnzake ndi mutu, khadi yofiira, masewero atatu ali panja. Sizoni yonse adamaliza ndi zigoli 9 mu ligi. Apa mayi amene sasapota timu iliyonse amatha kusankha bwino kuposa amuna awo, chifukwa iwo amangofunsa kuti kodi mnyamatayu amasewera sabata iliyonse, nanga adamwetsa zingati chaka chatha. Abambo, akakufunsani choncho musakwiye.

Funso loyambalo, lakuti amasewera kapena ayi, ndilo lalikulu kuposa onse. Wosewera waluso amene ali pampando sakupatsani kanthu. Pajatu msika wogula osewera umatsekedwa ligi itayamba kale, ndiye amene akukokanakokana ndi timu yake musamuyandikire. Alexander Isak adamwetsa zigoli 23 ku Newcastle mu 2024/25, koma sizoni yotsatira itayamba sadasewereko masewero atatu oyambirira chifukwa amafuna kuchoka, mpaka adapita ku Liverpool pa 1 Sepitembala 2025. Amene adamusunga podikira kuti zinthu zikhazikike adangotaya masabata. Mukatsimikiza kuti munthu wanu amayamba masewero, funsani ngati ndiye amamenya mapenate patimu yake. Pakati pa awiri a mtengo wofanana, tengani wa mapenate.

Onaninso ndandanda wa masewero asanu kapena asanu ndi limodzi oyambirira. Wakutsogolo wamba amene akukumana ndi matimu ongolowa kumene mu ligi akhoza kukupindulirani kuposa katswiri amene akuyamba ndi zimphona zokhazokha. Kungoti ukwati wake usakhale wa mpaka imfa. Teemu Pukki wa Norwich adamwetsa zigoli zisanu mu Ogasiti 2019, zitatu mwa izo pamasewero amodzi ndi Newcastle, koma sizoni yonse adathera pa 11 ndipo timu yake idatuluka mu ligi ili kumchira. Adapindula naye ndi amene adamutenga msanga n'kumusiya msanga.

Wachitatu uja ambiri amangotola wotchipitsitsa, wa £4.5 miliyoni, amene mwina sadzaponda n'komwe m'bwalo. Zimatheka, poti lamulo limangofuna wakutsogolo mmodzi pa anthu 11 oyamba. Koma tsiku limene mmodzi mwa awiri enawo wavulala mudzasowa wolowa m'malo, ndipo kusintha osewera mopitirira mwayi waulere umene muli nawo kumakudyerani mapointi 4 pa munthu aliyense.

Kwa makolo, mwana akafuna timu yake, khalani naye pansi musankhire limodzi. Muli masamu abwino mmenemu, kuphatikiza ndi kuchotsera mpaka £100 miliyoni ikwane. Chofunika kuyang'anira n'chakuti pafoni yomweyo pamabwera otsatsa za kubetcha, ndipo mwana amene wazolowera kulosera womwetsa chigoli savuta kukopeka. Ngati pampikisano wa akuluakulu pali ndalama, mwamuna ndi mkazi agwirizane kuchuluka kwake sizoni isanayambe, asadzazimvere kwa mlamu mu Disembala.

Ligi isanayambe mutha kusintha timu yanu kangati konse popanda chilango, choncho dikirani mumve amene wavulala m'masewero okonzekera ndi zimene makochi anena sabata yomaliza. Khomo limatsekedwa kutatsala mphindi 90 kuti masewero oyamba ayambe. Mu 2025 Liverpool ndi Bournemouth adatsegulira ligi Lachisanu pa 15 Ogasiti nthawi ya 9 koloko usiku kuno kwathu, kutanthauza kuti pofika 7:30 zonse zidali zitatsekedwa. Imeneyo ndi nthawi ya nsima, ndiponso nthawi imene magetsi amakonda kuthima. Malizani masana, foni ili ndi moto ndipo bandulo ikadalipo.