Popocatépetl: Dzina Limene Azungu Anatenga Nasiya Tanthauzo

Pamtunda wa makilomita 70 kum'mwera chakuvuma kwa mzinda wa Mexico City pali phiri lalitali mamita pafupifupi 5,400, lachiwiri kutalika m'dziko lonse la Mexico. Dzina lake ndi Popocatépetl. Olankhula Chingerezi amalidziwa dzinali makamaka kaamba ka kuvuta kwake potchula, koma ndi ochepa amene amafunsa chimene eni ake ankanena poliika.

Dzinali ndi la chinenero cha Nahuatl, chimene Aaziteki ankalankhula, ndipo mpaka lero anthu oposa 1.5 miliyoni akuchilankhulabe. Muli mau awiri m'dzinamo: "popoca", ndiye kuti kufuka utsi, ndi "tepetl", ndiye kuti phiri. Tsono Popocatépetl ndi "phiri lofuka utsi". Pafupi nalo pali phiri linzake, Iztaccíhuatl, kutanthauza "mkazi woyera". Makolo a kumeneko sanali kutcha maina mwachisawawa ayi. Ankatchula chimene maso awo aona, kuti mwana wodzabadwa m'tsogolo adzadziwe khalidwe la malo amene akukhalapo.

Dzinali linafika m'Chingerezi kudzera mwa anthu a ku Spain. M'chaka cha 1519 Hernán Cortés ndi asilikali ake anadutsa pampata wa pakati pa mapiri awiriwa popita ku Tenochtitlan, likulu la Aaziteki, limene analigonjetsa mu 1521. Iwowa analemba dzina la phirili monga analimvera, ndipo Angerezi analitola m'mabuku awo.

Mau ambiri a Nahuatl anaduka mchira paulendo wotere. Mapeto akuti "tl", amene kwa eni chinenero ndi liu limodzi, anawakanika alendo. Motero "tomatl" anasanduka "tomate" ku Spain, kenaka "tomato" m'Chingerezi, dzina lomwe amayi amatchula pamsika tsiku ndi tsiku. Nayenso "coyotl" anasanduka "coyote". Koma Popocatépetl analowa m'Chingerezi wathunthu, mchira ndi mutu womwe. Chimene chinatsala m'mbuyo ndi tanthauzo lake.

Umboni wake ndi wosasowa. Ena amalemba kuti "Mount Popocatepetl", osazindikira kuti atchula phiri kawiri, pakuti "tepetl" ndi phiri kale. Ena amalemba "Popocatapetl", kuononga mau omwewo. Eni ake amakweza liu pa "te", ndipo kachizindikiro ka pamwamba pa "e" kamasonyeza zimenezo, koma Angerezi ambiri amakasiya nakweza liu pa "pet". Enanso, pothawa ntchito, amangoti "Popo", monganso amachitira anthu ambiri a ku Mexico.

Alembi a mabuku a Chingerezi analikonda dzinali chifukwa limamveka lachilendo ndi loopsa. Malcolm Lowry, m'buku lake la mu 1947 lotchedwa Under the Volcano, anaika phirili pamwamba pa nkhani ya Mngerezi amene mowa unali kumuononga. Kumeneko phiri linakhala chithunzi cha tsoka loyandikira munthu mmodzi.

Komatu kwa anthu olima chimanga m'tsinde mwake, utsi wa phirili si chithunzi cha m'buku. Kwa zaka zambiri phirili linakhala phee, kotero kuti mibadwo iwiri inakula ikuona "phiri lofuka utsi" lopanda ukali, dzina likumveka ngati nthano. Pa 21 December 1994 linadzuka, phulusa linagwa mumzinda wa Puebla, ndipo anthu a m'midzi yapafupi anasamutsidwa. Mu April 1996 anthu 5 amene anakwera phirili anafera pamwamba pake litaphulika. Mu December 2000 anthu zikwizikwi anachotsedwanso m'nyumba zawo, ndipo mu May 2023 bwalo la ndege la ku Mexico City linatsekedwa kwa maora angapo chifukwa cha phulusa.

Masiku ano bungwe la boma lotchedwa CENAPRED limalondera phirili usana ndi usiku, ndipo limachenjeza anthu ndi mitundu itatu: wobiriwira, wachikasu ndi wofiira. Anthu a m'mudzi wa Santiago Xalitzintla amalitcha phirili Don Goyo, ngati mkulu wa pamudzi, ndipo pa 12 March amakwera kukalipatsa chakudya.

Akatswiri ali ndi makina awo, a kumudzi ali ndi mwambo wawo, koma chenjezo loyamba linaperekedwa kalekale ndi munthu amene analitcha phirili dzina. Mau a akuluakulu akoma akagonera. Mngerezi wophunzira kutchula Popocatépetl popanda kuphunthwa wachita bwino. Akadziwanso kuti wanena kuti "phiri ili limafuka", pamenepo ndiye wamva chimene Aaziteki anasiya.