Tchana: Mbewu Yopirira Ng'amba, Ndiwo Yowonjezera Magazi

Amayi, chaka cha 2024 chinatiphunzitsa kuti kudalira chimanga chokha n'kuika moyo wa banja pachiswe. Mvula itadula chifukwa cha El Niño, boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pangozi ya njala. M'zaka zotere mbewu ngati tchana, yomwe alimi a ku Thyolo, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu akhala akulima kwa nthawi yaitali, imatha kupulumutsa banja.

Tchana amadzalidwa mvula ikamapita kumapeto, nthawi zambiri m'munda momwe muli chimanga chokhwima, ndipo amakula ndi chinyontho chotsalira m'nthaka. Muzu wake waukulu umalowa pansi kwambiri, mwina kupitirira mita imodzi, kukafuna madzi komwe mbewu zina sizifika. Mitundu yocha msanga imakhwima pa miyezi itatu kapena inayi, nthaka isanaumiretu. Bungwe la ICRISAT, lomwe lili ndi nthambi ku Chitedze ku Lilongwe, ndi limodzi mwa mabungwe omwe amafufuza za mitundu yotereyi. Chomwe tchana amadana nacho ndi madzi odikha, choncho pewani malo a lowe.

Koma kupirira ng'amba sikutanthauza kuti mbewuyi siifuna chakudya. Mchere wa m'nthaka, monga fosiforasi ndi zinki, umalowa m'mizu utasungunuka m'madzi. Nthaka ikauma kwambiri, mizu imavutika kuutenga, zokolola zimachepa ndipo njere zimakhala zazing'ono. Nthaka ya m'madera ambiri m'dziko muno ili kale ndi zinki wochepa. Ndiye musamatenthe mapesi. Phimbirani nawo nthaka kuti chinyontho chikhalitse. Thirani manyowa owolerana bwino, ndipo funsani alangizi a zaulimi za feteleza wokhala ndi fosiforasi ndi zinki. Yureya sakufunika kwenikweni. Mukazula tchana mudzaona tizotupa pamizu. Mmenemo mumakhala tizilombo tabwino tomwe timatenga nayitrojeni mumpweya n'kudyetsa mbewuyo. Maluwa akayamba, yenderani munda pafupipafupi chifukwa mbozi zimaboola makoko n'kudya njere.

Nkhaniyi ikukukhudzani bwanji inu amayi? Kafukufuku wa zaumoyo wa m'chaka cha 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 33 mwa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49 anali ochepa magazi, ndipo mwa ana osakwana zaka zisanu anali 63 mwa 100. Zifukwa zake n'zambiri, kuphatikizapo malungo ndi njoka za m'mimba, koma kusowa kwa ayironi m'zakudya ndi chimodzi mwa izo. Tchana ali ndi ayironi, zinki wothandiza ana kukula, ndi chakudya chomanga thupi chokwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a njere youma.

Kaphikidwe nakonso n'kofunika. M'njere za tchana, monganso mu nyemba ndi nandolo, muli zinthu zomwe zimagwira ayironi ndi zinki kuti thupi lisazitenge mokwanira. Viikani tchana usiku wonse, tayani madziwo, kenako phikani mpaka afewe, mudzapulumutsanso nkhuni. Thiranimo tomato, ndipo mukadya tsatizani gwafa, lalanje kapena madzi a malambe, chifukwa vitamini C amathandiza thupi kutenga ayironi. Tiyi amachita zosiyana, ndiye musamwere pa chakudyacho. Kwa ana oyambira miyezi isanu ndi umodzi, kazingani tchana, mugayitse pamodzi ndi mgaiwa, muziphikira phala.

Ogula tchana amabwera ndi ndalama m'manja nthawi yokolola, ndipo mavuto a pakhomo ndi ambiri. Musanagulitse, patulani wodya ndi wa mbewu, muumitse bwino ndi kusunga motetezeka ku anankafumbwe. Pamsonkhano wanu wotsatira wa kumphakati, kambiranani zogula mbewu pamodzi ndi kuyesa kamunda kamodzi, kuti chaka chamawa wina aliyense adzakhale ndi yake yodzala.