MSAMBO WOCHULUKA NDI KUCHEPA KWA MAGAZI MWA AMAYI OSADYA NYAMA

Ku Thambani m'boma la Mwanza, monganso m'madera ena ambiri a kumudzi, kuli amayi amene amadzuka m'mawa ali otopa kale ngakhale agona usiku wonse. Akasenza ndowa ya madzi kuchokera kumjigo mtima umawagunda kwambiri, ndipo akakwera kachitunda kakang'ono amapuma mwawefuwefu. Kumunda akawerama ndi khasu n'kuweramuka, m'maso mumachita mdima. Ena amayamba kulakalaka kudya dothi la pachulu kapena la pakhoma. Anthu osadziwa amati mayiyo wayamba ulesi, ena amati wamulodza, pamene vuto lenileni ndi kuchepa kwa magazi m'thupi.

Vutoli si la anthu owerengeka ayi. Kafukufuku wa zaumoyo amene anachitika m'dziko lonse la Malawi mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa amayi atatu aliwonse a zaka za pakati pa 15 ndi 49, mmodzi anali ndi magazi ochepa. Amene ali pachiopsezo chachikulu ndi mayi amene amataya magazi ambiri posamba mwezi ndi mwezi, komanso sadya nyama, nsomba kapena mazira. Ena sadya zinthuzi chifukwa cha chipembedzo, ena anasankha okha kudya za kumunda zokha, koma ambiri sazidya chifukwa ndalama zogulira palibe. Kaya chifukwa chake n'chiti, thupi limavutika mofanana.

MTSUKO WOBOOKA

Magazi amafiira chifukwa cha mchere wotchedwa ayironi, umene umanyamula mpweya wabwino kuchokera m'mapapo kupita m'ziwalo zonse. Thupi silipanga mcherewu lokha. Limautenga m'chakudya, ndipo limatenga pang'ono kwambiri, miligalamu imodzi kapena awiri patsiku.

Mayi amene akusamba bwinobwino amataya magazi okwana masupuni aakulu awiri kapena atatu pa msambo wonse, ndipo thupi limabwezeretsa msambo wina usanafike. Koma mayi akataya mamililita 80, ndiko kuti masupuni aakulu asanu ndi kupitirirapo, amakhala atataya ayironi wokwana pafupifupi mamiligalamu 40. Mwezi umatha thupi lisanabweze zonse, msambo wina n'kubweranso. Zikatere thupi limafanana ndi mtsuko wobooka pansi, umene sudzaza ngakhale munthu atunge madzi kangati. Ndiye chifukwa chake mayi wotere ayenera kuchita zinthu ziwiri pamodzi: kutseka pobookapo ndi thandizo la kuchipatala, ndi kudzaza mtsukowo ndi chakudya choyenera.

Popeza palibe amene amayeza magazi a msambo ndi supuni, pali zizindikiro zina zodziwira kuti msambo wapyola muyeso. Mayi akamasamba masiku opitirira 7, akamasintha nsalu kapena padi pa ola lililonse kapena maola awiri, akamadzuka usiku kukasintha, kapena akamatuluka magazi oundana aakulu kuposa ndalama yachitsulo, ameneyo akutaya magazi ambiri. Wachibale angathe kumuyang'ana m'zikhatho, kulilime ndi m'kati mwa zikope. Mukakhala moyera, magazi achepa.

ASACHITE MANYAZI KUCHIPATALA

Nkhani ya kumwezi ndi yobisika pa chikhalidwe cha kumudzi, ndipo atsikana ambiri amalangizidwa kuti asamaikambe poyera. Ulemu umenewu ndi wabwino, koma usalepheretse mayi kufotokozera namwino zoona zake. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Pa chipatala chaching'ono cha Thambani namwino amafunsa mafunso ndi kumuona mayiyo, ndipo pakafunika kupima kozama amamutumiza ku chipatala chachikulu cha pa boma la Mwanza. Magazi akayezedwa, mlingo wa mayi wosayembekezera suyenera kutsika pansi pa 12, ndipo wa mayi woyembekezera suyenera kutsika pansi pa 11, monga mwa muyeso wa bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO.

Zochititsa msambo wochuluka zilipo zingapo. Zina ndi zotupa za m'chiberekero, pathupi popita padera mayi osadziwa, ndi kusintha kwa thupi mwa atsikana ongotha msinkhu kapena amayi amene atsala pang'ono kusiya kusamba. Lupu wa kopa amachulukitsa msambo mwa amayi ena, ndipo jekeseni kapena njira yolera ya pamkono nthawi zina imasokoneza masiku. Mayi asasiye yekha njira yolera, koma akambirane ndi namwino, pakuti pali njira zina, monga mapiritsi olera, zimene zimachepetsa magazi otayika. Asipirini asamwedwe pochepetsa cham'mimba, chifukwa amawonjezera kutuluka kwa magazi.

Mayi amene amatuluka magazi pakati pa misambo, kapena akakhala malo amodzi ndi mwamuna, kapena atasiya kale kusamba, apite msanga kukayezetsa khansa ya khomo la chiberekero, matenda amene amapha amayi ambiri m'Malawi koma amachizika akapezeka msanga. Malungo, njoka za m'mimba ndi likodzo nazonso zimamaliza magazi, choncho kugona m'neti, kuvala nsapato ndi kugwiritsa ntchito chimbudzi ndi mbali ya chithandizo chomwechi.

MBALE YA MAYI WOSADYA NYAMA

Ayironi wa m'nyama ndi m'nsomba amalowa m'thupi mosavuta, pamene wa m'zomera amalowa movutikira. Akatswiri amati mayi wa msinkhu wobereka afunika mamiligalamu 18 patsiku, ndipo wosadya nyama afunika pafupifupi kawiri kake. Izi zisamutayitse mtima, pakuti minda ya ku Mwanza ili ndi zambiri zomuthandiza.

Nandolo, nyemba, khobwe, nzama ndi soya zisasowe pa mbale tsiku lililonse. Chikho chimodzi cha nyemba zophika chili ndi ayironi wokwana pafupifupi mamiligalamu 4. Nandolo amalimidwa kwambiri m'bomali, koma mabanja ambiri amagulitsa yense kwa mavenda n'kutsala ndi masamba okha. Ndi nzeru kusunga thumba limodzi la pakhomo asanayambe malonda. Masamba obiriwira kwambiri monga bonongwe, chisoso, nkhwani, kholowa, chitambe ndi chigwada nawo ali ndi ayironi, makamaka akatenderedwa ndi nsinjiro. Nsima ya mgaiwa, ya mapira kapena ya mawere imaposa ya ufa woyera, chifukwa pokonola chimanga zabwino zambiri zimapita ndi madeya.

Chinsinsi chachikulu chili m'zipatso. Vitamini C amathandiza ayironi wa m'zomera kulowa m'magazi, koma amagwira ntchitoyi pokhapokha akadyedwa pa nthawi imodzi ndi chakudyacho. Boma la Mwanza limadziwika m'dziko lonse ndi manachesi, ndipo n'zachisoni kuti madengu amapita ku Blantyre pamene mayi amene wawathyola sadyako. Nachesi limodzi lodyedwa atangomaliza nsima ya nyemba ndi mankhwala okwanira kuwerengeredwa. Nyengo ya manachesi ikatha pali masau, malambe, mapapaya, mango ndi magwafa, chilichonse pa nthawi yake. Kufinyira ndimu m'ndiwo zitapsa kumathandizanso chimodzimodzi.

Pali zizolowezi zina zimene zimawononga phinduli. Tiyi amamanga ayironi kuti asalowe m'thupi, choncho asamwedwe pamodzi ndi chakudya. Papite ola limodzi kapena kupitirirapo. Soda ndi chidulo zimapha mavitamini a m'masamba, ndipo kuphika masamba nthawi yaitali ndi kutaya madzi ake n'kutaya chakudya. Kunyika nyemba m'madzi usiku wonse asanaphike kumachepetsa zinthu zimene zimatsekereza ayironi, ndipo thobwa la chimera limathandizanso pa njira yomweyo.

Amene sadya chilichonse chochokera ku nyama, ngakhale mkaka kapena mazira, adziwe kuti vitamini B12 sapezeka m'ndiwo za kumunda. Kusowa kwake kumachepetsanso magazi ndi kuchititsa dzanzi m'manja ndi m'miyendo. Munthu wotere auze adokotala za kadyedwe kake kuti amulangize za mapiritsi kapena jekeseni wa vitamini ameneyu. Kwa amene chipembedzo sichiwaletsa, kausipa kapena matemba pang'ono m'ndiwo zamasamba amathandiza kwambiri.

MAPIRITSI OWONJEZERA MAGAZI

Magazi akachepa kale, chakudya chokha sichingawabweze msanga. Namwino amapereka mapiritsi a ayironi, amene ayenera kumwedwa ndi madzi, osati ndi tiyi kapena mkaka. Chimbudzi chimada, ndipo ena amachita nseru kapena kudzimbidwa, koma zimenezi si zoopsa. Kumwa piritsi atadya kumachepetsa nseru. Cholakwa chachikulu ndi kusiya mankhwala mphamvu zikangoyamba kubwerera. Mayi apitirize kwa miyezi itatu magazi atabwerera m'malo mwake, kuti thupi lisungenso ayironi wa mtsogolo. Mapiritsiwa asungidwe patali ndi ana, chifukwa mwana akameza ambiri angathe kufa.

Mayi amene akutaya magazi osalekeza, amene wakomoka, kapena amene akubanika ali chikhalire, atengeredwe kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti kuche kapena kuyamba kufuna mankhwala a zitsamba.

Abambo nawonso ali ndi mbali yawo. Ndiwo amene nthawi zambiri amalamula za nandolo wogulitsa ndi wosunga, ndipo njinga yopitira kuchipatala imakhala m'manja mwawo. Mayi amene akutenga pathupi ali ndi magazi ochepa amakhala pangozi yaikulu pa nthawi yobereka, ndipo mwana angabadwe wochepa thupi. Anankungwi, amayi a mvano ndi alangizi a zaumoyo a m'midzi ya ku Thambani aphunzitse atsikana kuwerenga masiku a msambo wawo, ndi kukaonana ndi namwino masikuwo akapitirira 7.