Kudziwa Bvwende Lakupsa

Alimi a ku Rufunsa amene agulitsa mabvwende m'mbali mwa mseu wa Great East ayenera kukumbukira kuti bvwende likathyoledwa losapsa silipsanso. Wogula akalipeza loyera m'kati sabweranso.

Zizindikiro za kupsa ziri zitatu. Kacingwe kopotana kamene kali pafupi ndi phesi la bvwende kauma. Mbali yogona pa dothi isanduka yacikasu. Likagogodedwa ndi cala limveka mau otsika.

Khungu lokha linyenga, popeza mitundu isiyana. Sugar Baby ndi laling'ono, lobulungira, lobiriwira modera. Crimson Sweet liri ndi mizere. Charleston Gray ndi lalitali, lotuwa, ndipo likhalabe lotuwa ngakhale litapsa. Cifukwa cace mlimi asanathyole ayambe wayang'ana kacingwe kaja.