Matenda Akazilala Mwadzidzidzi, Musati Mayi Wapumula

Mwa ngozi zonse zimene zimagwera amayi pa nthaŵi yobereka, kung'ambika kwa chiberekero ndiyo yonyenga kwambiri. Mayi amene wachezera kubuula usiku wonse amamva ululu waukulu ngati wabayidwa ndi mpeni, kenaka matenda aja amangoti zii. Omuyang'anira amayesa kuti wapumula, chonsecho magazi ali kutayikira m'mimba mwake. Posakhalitsa amatuluka thukuta lozizira, mtima umagunda mofulumira, ndipo mwana amaleka kuseŵera m'mimbamo.

Chiberekero ndi mnofu wolimba, koma chili ndi malire ake. Mwana akagona mopingasa, kapena mutu wake ukakula kuposa njira, chiberekero chimakankhabe mpaka kuphulika. Chimafookanso mwa amayi amene abereka kasanu kapena kupitirira, makamaka amene ali ndi chipsera cha opaleshoni, pakuti posokedwa sipalimba ngati pamene sipanachekedwepo. Nchifukwa chake mayi wotere amalangizidwa kulera zaka ziŵiri asanaimenso.

Chimene chimamvetsa chisoni nchakuti ngoziyi kaŵirikaŵiri timaiitana tokha. Matenda akachedwa, ena amam'mwetsa mayi mankhwala azitsamba monga mwanamphepo kuti achire msanga. Mankhwala otere alibe muyeso, ndipo amafinya chiberekero mwamphamvu pamene njira ili yotseka. Ena amam'kanikiza pamimba ndi manja. Enanso amataya nthaŵi pomuumiriza kuti aulule amuna amene anayenda nawo, ngati kuti kuulula kungakuze mafupa a m'chiuno! Milandu ya m'banja ikhoza kudikira, koma magazi sadikira ankhoswe.

Chiberekero chikang'ambika, chithandizo chake ndi opaleshoni ndi kuwonjezera magazi basi, ndipo izi zimachitika pa chipatala chachikulu, monga cha boma. Madokotala amachisoka, koma chikaonongeka kwambiri amachichotsa, ndipo mayiyo sadzaberekanso.

Chotero inu amayi amene munachitidwapo opaleshoni, uzani anamwino tsiku loyamba lomwe mwafika kusikelo, ndipo mwezi wanu ukayandikira pitani kuchidikiro. Inunso abambo ndi apongozi, konzeranitu ndalama za ulendo ndi munthu wodzaperekeza. Matenda akangoyamba nyamukani, ungakhale usiku. Mayi amene wamva matenda maola 12 osachira, kapena wayamba kutaya magazi, asagonenso pakhomo.