Asilikali a M'thupi Mwathu

Amene anafikako ku Tsangano, m'boma la Ntcheu, anaonapo anthu akuyenda ndi njinga zosenza matumba a mbatata ya kachewere. Pa chitunda mwini njinga amapalasa mwamphamvu, koma pa mtsetse amagwira mabuleki. Njinga yosapalasika siifika kumsika. Nayo yopanda mabuleki imagwetsera mwini wake m'phompho, mbatata n'kumwazika.

M'matupi mwathu mulinso zinthu zimene zimayenda motero. Thupi la munthu linamangidwa ndi tizinthu ting'onoting'ono totchedwa maselo, timene sitioneka ndi maso. Ena mwa maselo a m'magazi ndi asilikali, ndipo ntchito yawo ndi kupha tizilombo toyambitsa matenda. Gulu lina la asilikaliŵa limatchedwa maselo a NK. Akatswiri a ku Sweden ndi ku America ndiwo analitulukira m'chaka cha 1975.

Tsono msilikali wotere alibe maso. Nanga amadziŵa bwanji kuti uyu ndi mdani, uyu ndi mbale?

Pa khungu lake pali tinthu timene tingatitche timakutu. Timakututi n'tamitundu iŵiri. Tina tikakhudza chinthu chokayikitsa timauza msilikali kuti, “Menya!” Tina timamuuza kuti, “Leka!” Msilikali akakumana ndi selo lina amaligwiragwira, namvera mbali zonse ziŵiri. Mbali imene yalankhula mokweza ndiyo imene amatsata.

Maselo ambiri a munthu, akakhala amoyo bwino, amavala chizindikiro chonena kuti, “Ndine wa pakhomo pano.” Kakhutu koletsa kakachikhudza, msilikali amangodutsa. Koma selo limene laloŵedwa ndi vairasi, kapena limene layamba khansa, kaŵirikaŵiri limataya chizindikirocho. Pamenepo palibenso woletsa, ndipo selolo limaphedwa. Katswiri wa ku Sweden, Klas Kärre, anaonetsa zimenezi m'chaka cha 1986. Nzeru yake inali yachilendo ndithu, pakuti anthu ankangoyembekeza kuti msilikali amafunafuna nkhope ya mdani basi. Iye anati msilikali amayang'ananso ngati chizindikiro cha m'bale chikusoŵa.

Asilikali a m'thupi akasiya kumvera mawu oletsa amatembenukira mwini thupi. Mtundu wina wa nyamakazi, wotupitsa mfundo za zala, umayamba chifukwa chakuti asilikali akumenya thupi lawo lomwe.

Tizilombo tina tinaphunzira kunamiza timakutu toletsa. Taganizani za malungo, amene amavuta kwambiri m'nyengo ya dzinja kumadera otentha monga ku chigwa cha Bwanje. Udzudzu ukaluma munthu, kachilombo ka malungo kamayamba kakhala m'chiŵindi, kenaka kamakabisala m'maselo ofiira a m'magazi. M'chaka cha 2017 akatswiri a ku Osaka, m'dziko la Japan, anapeza kuti kachilomboka kamaika tinthu take kunja kwa selo limene kabisalamo. Tina mwa tinthuti timagwira kakhutu koletsa. Msilikali amamva kuti, “Leka!” ndipo mphamvu zake zimachepa, pamene mbala ili m'nyumba momwemo.

Koma thupi nalo lili ndi nzeru zake. Timakutu tina timakhala tiŵiritiŵiri ngati mapasa. Kunja timafanana kwambiri, koma kam'modzi kamanena kuti “Leka,” kanzake kamanena kuti “Menya.” Akatswiri ambiri amaganiza kuti mapasaŵa alipo pofuna kukola tizilombo tabodza. Umboni wake unaoneka mu mbeŵa zimene amaŵeta pochita kafukufuku. Pali vairasi wina amene amagwira kakhutu koletsa ka mbeŵa zina, ndipo zimenezo zimadwala kwambiri. Koma mbeŵa zina zili ndi mnzake wa kakhutuko. Vairasi akati anamize msilikali, amagwira kakhutu kolamula nkhondo, ndipo selo limene wabisalamo limaphedwa iye asanafalikire.