Kumasulira zolemba zakale kumayambira m'chilankhulo cha kwathu

Alipo ana amene amawerenga ndime yonse mosadodoma, koma ukawafunsa zimene amva amangoyang'ana pansi. Vutoli limakula pamene buku lili lakale, lolembedwanso m'chilankhulo chachilendo. Kuno ku Molumbo, boma limene linapatulidwa ku Milange mu 2013, mwana amakula ndi Chichewa kapena Chilomwe, amakumana ndi Chipwitikizi kusukulu, ndipo Chingerezi chimadza pambuyo. Ena mwa anawa, akadzapita patsogolo ndi maphunziro, adzatsegula mabuku ngati a William Shakespeare, amene anamwalira mu 1616. Makolo ena amaopa kuti chilankhulo cha kunyumba chidzawabwezera m'mbuyo anawa. Sewero la Romeo and Juliet, limene linasindikizidwa koyamba mu 1597, litithandiza kuona kuti mantha amenewa alibe maziko.

Iwe ndi inu

Chingerezi cha masiku a Shakespeare chinali ndi mawu awiri oitanira munthu mmodzi. Mawu akuti thou ankanenedwa kwa mwana, kwa wantchito, kwa wokondedwa, kapenanso kwa munthu amene ukufuna kumunyoza. Mawu akuti you anali aulemu. Chingerezi cha lero chinatsala ndi you yekha, kotero mwana wa ku London amafunika kumufotokozera kusiyanaku. Mwana wa ku Molumbo amakudziwa kale, pakuti sanganene kuti "iwe" kwa agogo ake, ndipo akamva mkamwini akutero kwa apongozi amazindikira kuti pamudzi pavuta.

M'seweroli, Juliet atangokumana ndi Romeo kuphwando akumuyankhula ndi you. Usiku womwewo, ali pakhonde la m'mwamba, wasintha ndipo akunena thou. Wophunzira amene wauzidwa kuti apa "inu" wasanduka "iwe" safunanso wina womuuza kuti chikondi chalowa. Mtanthauziramawu akanangomuuza kuti mawu awiriwa ndi amodzi.

Mitundu itatu ya mawu ovuta

Pokonzekera phunziro, gawani mawu ovuta m'magulu atatu. Oyamba ndi mawu amene anangotha ntchito, monga mayina a zida ndi zovala zakale. Awa apatseni tanthauzo mwachidule, mupitirire. Achiwiri ndi mawu onyenga, ooneka ngati odziwika pamene tanthauzo lake ndi lina. Ambiri akaona wherefore amayesa kuti Juliet akufunsa kumene Romeo ali, chonsecho mawuwo amatanthauza "chifukwa chiyani". Mtsikanayo akudandaula kuti mnyamata amene wamukonda ndi wa banja la Montague, adani a banja lake la Capulet. Kulakwitsa liwu limodzi lokhali kumasokoneza ndime yonse. Achitatu ndi mawu osenza mwambo, monga thou uja. Nthawi yanu yambiri ithere pa gulu lachiwiri ndi lachitatu, ndipo muziwakambirana m'chilankhulo chimene ana amachimva bwino.

Njirayi imagwiranso ntchito pa mabuku akale a Chichewa. Nthondo, buku la Samuel Josia Ntara la mu 1933, lili ndi mawu ndi miyambo zimene mwana wa lero ayenera kufunsa kwa akuluakulu.

Funso lochokera kumudzi, umboni wochokera m'buku

Kumasulira ndiko kunena zimene nkhani ikutanthauza ndi kusonyeza umboni wake. Juliet sanakwanitse zaka 14. Bambo ake akufuna kumukwatitsa kwa Paris, koma iye akukwatiwa mobisa ndi Romeo, pothandizidwa ndi wansembe Laurence ndi mayi amene anamulera. Wophunzira wa kuno angathe kufunsa kuti, "Nanga ankhoswe anali kuti?" Musalikankhire kumbali funso limeneli, chifukwa likuloza pamtima pa sewero: ukwatiwu unalibe anthu oimira mabanja awiri, ndipo zinthu zitavuta panalibe woti akhalitse pansi mbali zonse. Wina angakumbutse kuti m'dziko lathu lamulo la nambala 19 la mu 2019 limaletsa kukwatitsa mwana wosakwana zaka 18.

Komabe safunsa anadya phula, ndipo wofunsayo ayenera kubwerera kukafunsa bukulo. Mukatero ophunzira adzapeza kuti poyamba Capulet anauza Paris kuti mwana wake ngwamng'ono, adikire zaka ziwiri, koma pambuyo pake anasintha maganizo n'kuyamba kumuopseza. Chinamusintha n'chiyani? Apa ana adzasiyana maganizo, ndipo palibe cholakwika, malinga aliyense aloze malo m'nkhani amene akumuikira kumbuyo.

Maziko ali m'makalasi oyamba

Ambiri a inu mudzaphunzitsa ana aang'ono amene Shakespeare ali nawo kutali. Koma luso lofunsa kuti "chifukwa chiyani" ndi "wadziwa bwanji" limadzalidwa pomwepo. Kuyambira mu 1993 mpaka 1997, ntchito yoyeserera ya PEBIMO inaphunzitsa ana m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chishangana ku Gaza, ndipo chimodzi mwa zimene zinaoneka n'chakuti ana ankayankhula ndi kufunsa momasuka m'kalasi. Mwana amene wazolowera kutsutsana ndi anzake za mtima wa Kalulu m'nthano, kapena kumasula mwambi, saphunziranso lusoli kachiwiri. Amangolisamutsira m'Chipwitikizi, kenako m'Chingerezi. Ngati m'kalasi mwanu muli ana olankhula Chilomwe, apatseni mpata woyamba kukambirana m'chilankhulo chawo asanafotokozere gulu lonse.

Ntchito yoti muchite

1. Sankhani nthano imodzi yodziwika kwanu. Lembani mawu ake ovuta asanu ndi limodzi ndipo muwagawe m'magulu atatu aja.
2. Pezani malo m'nthanoyo pamene wina akunena "iwe" kapena "inu". Fotokozani zimene zingasinthe mutasinthanitsa mawuwo.
3. Konzani mafunso awiri okhala ndi mayankho angapo, ndipo pa yankho lililonse sonyezani umboni wochokera m'nthanoyo.